Matenda a mafuta m'thupi: kolesterolo, kusamuka kwa mafuta ndi chiwindi chamafuta

Matenda a mafuta m'thupi ndi gulu la mavuto amene amabwera thupi likamalephera kunyamula, kusunga, kugwiritsa ntchito kapena kuchotsa mafuta moyenera. Lodziwika kwambiri ndi kuchuluka kwa mafuta m'magazi, limene achipatala amalitchula kuti dyslipidaemia. M'gulu lomweli mulinso kudzadza kwa mafuta m'chiwindi, kusamuka kwa mafuta kuchoka kumaso ndi m'miyendo kupita pamimba, komanso matenda ena akumtundu amene munthu amabadwa nawo.

Ambiri tikamva za matendawa timaganiza za bwana wa m'tauni, wa chimimba, woyenda pa galimoto. Ndiye munthu wa ku Kachulu, ku Mchenga kapena kwa Jali, amene amakhalira kukankha bwato, kupalasa njinga ndi kuweramira m'munda wa mpunga, amaona ngati nkhaniyi ndi ya eni ake. Komatu mitundu iwiri ya matenda a mafuta imene madera a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa aiona ndi maso inagwira anthu oonda: akuluakulu amene ankamwa ma ARV akale, ndi ana otupikana chifukwa chosowa zakudya. Kukula kwa thupi kumatiuza zochepa. Chofunika kudziwa ndi malo amene thupi likuika mafutawo, kaya ndi m'mitsempha ya magazi, m'chiwindi kapena pamimba.

Mmene mafuta amayendera

Mafuta si mdani wa thupi. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pamene galamu ya sitachi wa mu nsima kapena mpunga imapereka 4. Popanda mafuta thupi silingayamwe mavitamini A, D, E ndi K, ndipo n'chifukwa chake mafuta ophikira opangidwa m'mafakitale a m'dziko muno amaikidwa vitamini A.

M'magazi muli mitundu ikuluikulu iwiri ya mafuta. Woyamba ndi ma triglycerides, amene ndi nkhokwe ya mphamvu. Amachokera ku mafuta amene tadya, komanso chiwindi chimawapanga kuchokera ku shuga, nsima ndi mpunga zimene thupi silinagwiritse ntchito. Wachiwiri ndi kolesterolo. Uyu thupi silimuotcha kuti lipeze mphamvu; limamangira khungu la maselo, ndulu, vitamini D ndi mahomoni. Gawo lalikulu la kolesterolo thupi limapanga lokha, makamaka m'chiwindi, ndipo wochokera ku chakudya ndi wochepa. Kolesterolo amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama zokha. Choncho mukaona botolo la mafuta a mpendadzuwa kapena a soya litalembedwa kuti mulibe kolesterolo, musadabwe nalo: mafuta onse ochokera ku zomera alibe kolesterolo chibadwire.

Aliyense amene anatsukapo poto wa nyama amadziwa kuti mafuta ndi madzi sizisakanikirana. Magazi ndi madzi, ndiye mafuta sangasambire okha m'menemo. Thupi limawakweza m'timabwato ta mapuloteni, monga mmene matumba a ufa amakwezedwera pa Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi. Timabwato totchedwa LDL timanyamula kolesterolo kupita naye m'thupi monse. Totchedwa HDL timatolera wotsala n'kubwerera naye ku chiwindi, kumene amatayidwa kudzera mu ndulu. Pa chifukwa chimenechi LDL amatchedwa kolesterolo woipa ndipo HDL wabwino, ngakhale katundu wake ndi mmodzimodzi. Kusiyana kwake ndi kolowera bwato.

Mafuta akachuluka m'magazi

LDL akachuluka amalowerera mkati mwa khoma la mtsempha wa magazi. Anthu amakonda kuyerekeza izi ndi matope odzadza m'ngalande ya sikimu ya mpunga ya Likangala kapena ya Domasi, ndipo fanizolo n'lothandiza, kungoti matope amakhala pamwamba ndipo mutha kuwafosholo. Mafuta amakhala m'kati mwa khoma lenilenilo, amalitupitsa ndi kuliumitsa kwa zaka 20 kapena 30 munthu osamva kalikonse. Tsiku lina chotupacho chimaphulika, magazi amaundana pamalopo, njira n'kutsekeka. Zikachitikira mu mtima, munthu amamva kupsinjika pachifuwa, thukuta ndi befu. Zikachitikira mu ubongo ndiye sitiroko: pakamwa kupotoka, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi kulefuka, lilime kulemera. Zikachitikira m'miyendo, katumba amapweteka poyenda n'kusiya munthu akaima.

Kumudzi sitiroko imadza ndi milandu. Amati munthuyo amumenya hamala, ndipo chala chimaloza gogo wina wosalakwa, pamene wodwalayo akutaya maola amene akanamuthandiza kuchipatala. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti chimene chimayambitsa sitiroko kwambiri kuno ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mwa achinyamata HIV yosalandira mankhwala imathandizira. Mafuta a m'magazi amaonjezera moto pa zimenezi, pamodzi ndi shuga ndi fodya.

Kuti kolesterolo amaononga mitsempha zinayamba kuoneka mu 1913, pamene Nikolai Anitschkow wa ku St Petersburg anadyetsa akalulu kolesterolo n'kupeza mitsempha yawo itaonongeka. Kafukufuku wa mu tauni ya Framingham ku America, amene anayamba mu 1948, anatsimikiza zomwezo mwa anthu. Bungwe la WHO limati mu 2019 matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu 17.9 miliyoni, pafupifupi imfa imodzi mwa zitatu zilizonse padziko lapansi.

Kwathu kuno, kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64 anapeza kuti anthu 8.7 pa 100 alionse anali ndi kolesterolo wokwera. Mwa amayi anali 11.0 ndipo mwa abambo 6.3. Othamanga magazi anali 32.9 pa 100, a shuga 5.6. Kafukufuku wina wa ku Karonga ndi Lilongwe, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti amayi 44 pa 100 a m'tauni ndi 27 pa 100 a kumudzi anali olemera kupyola muyezo, pamene abambo anali 18 m'tauni ndi 9 kumudzi. Chiwerengero cha 27 chija n'chofunika kuchiyang'anitsitsa, chifukwa ndi cha amayi a kumudzi, amene amalima ndi kutunga madzi ngati amayi a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji.

Ma triglycerides ali ndi ngozi yawoyawo. Akakwera kwambiri, kupyola 10 mmol/L, amatha kutupitsa kapamba, chiwalo chimene chimapanga insulini. Munthu amamva kupweteka koopsa kumtunda kwa mimba kolasa kumsana, ndi kusanza. Magazi a munthu wotere akaikidwa m'kabotolo ku labotale amaoneka oyererako ngati athiridwa mkaka. Awa ndi matenda ogonekedwa nawo.

Zimene zimayambitsa

Chakudya cha makolo cha m'mbali mwa Chilwa n'chabwino ku mitsempha. Matemba, makumba ndi mlamba zili ndi mafuta a mtundu wosaundana, amene satseka mitsempha. Nsinjiro, mapeyala, nandolo, nyemba, therere, chisoso, mgaiwa: dokotala wa mtima aliyense angasainire mbale imeneyi. Chimene chasintha ndi chiwaya. Pa msika uliwonse lero pali tchipisi, zigege, mandasi, kanyenya ndi zam'kati zokazinga, ndipo mafuta ake nthawi zambiri amangoonjezeredwa pamwamba pa a dzulo mpaka ada ngati oilo. Mafuta otenthedwa mobwerezabwereza amaonongeka ndipo amapanga zinthu zovulaza mitsempha. Nsomba yomwe ija, imene inali mankhwala itaphikidwa ndi tomato, imasanduka chinthu china ikamizidwa m'mafuta otere n'kuwazidwa mchere wodzadza dzanja.

Mafuta amene amakweza LDL kwambiri ndi oundana: a nyama ya ng'ombe ndi nkhosa, khungu la nkhuku, batala, mafuta a kanjedza ndi a kokonati. Njira yosavuta yowazindikira ndi kuona zimene zimachitika m'mbale ikazizira. Oipitsitsa ndi amene amaumitsidwa ku fakitale, opezeka m'majarini ena olimba ndi mabisiketi ena, amene WHO inapempha mu 2018 kuti achotsedwe m'zakudya padziko lonse. Malangizo a WHO ndi akuti mafuta onse asapyole magawo 30 pa 100 a mphamvu ya chakudya cha tsiku, ndipo oundana asafike magawo 10. Mazira anthu amawanamizira. Dzira limodzi patsiku silivuta kwa munthu wabwinobwino, ndipo kwa mwana wa kumudzi ndi chakudya chamtengo wapatali.

Ma triglycerides amakwezedwa kwambiri ndi zotsekemera. Tiyi wa masupuni anayi a shuga, zakumwa za m'mabotolo, ndi phiri la mpunga woyera kapena nsima ya ufa woyera pa ndiwo zochepa, zonsezi chiwindi chimazisandutsa mafuta. Mowa umachitanso chimodzimodzi.

Nthawi zina gwero ndi matenda ena. Shuga wosasamalidwa amakweza ma triglycerides ndi kutsitsa HDL. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka, LDL amakwera. Matenda a impso amene amataya mapuloteni mu mkodzo, omwe amatupitsa nkhope ndi miyendo, amakweza kolesterolo kwambiri ngakhale mwa ana. Mankhwala monga prednisolone ndi dexamethasone akamwedwa nthawi yaitali amasonkhanitsa mafuta kumaso, kukhosi ndi pamimba, miyendo ikuonda. Apa tichenjeze atsikana ndi amayi amene amagula mapiritsi onenepetsa kwa ogulitsa m'misika pofuna kuoneka bwino: masaya amene amabwera mwanjira imeneyi ndi chizindikiro cha matenda, ndipo kumbuyo kwake kumabwera shuga ndi BP.

Palinso kolesterolo wakumtundu. Munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 250 mpaka 300 padziko lapansi amabadwa ndi chiwindi chimene chimalephera kuchotsa LDL m'magazi. Ku South Africa, pakati pa azungu a chi Afrikaner, amapezeka mwa mmodzi pa anthu osapyola 100, chifukwa ambiri anachokera ku mabanja ochepa. Michael Brown ndi Joseph Goldstein analandira mphoto ya Nobel mu 1985 atatulukira chimene chimalakwika m'matendawa. Kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka wotengera. Munthu wotere atha kukhala woonda, wodya masamba okhaokha, koma kugwa ndi mtima ali ndi zaka 40. Zizindikiro zake ndi timibulu tolimba pa mtsempha wa kuseri kwa chidendene kapena pa mfundo za zala, timadontho tachikasu pa zikope, ndi mkombero woyera kuzungulira mboni ya diso mwa munthu wosafika zaka 45. Mkombero womwewo mwa agogo si nkhani. Banja limene bambo, mchimwene kapena amalume anafa mwadzidzidzi asanafike zaka 55 liyenera kukayezetsa, ana omwe.

Matenda ena akumtundu, monga a Gaucher ndi a Niemann-Pick, amene mafuta amaunjikana m'chiwindi, m'mafupa kapena mu ubongo wa mwana, ndi osowa kwambiri. Zotupa zofewa zosapweteka za pansi pa khungu, zimene zimasuntha mukazikankha ndi chala, nthawi zambiri ndi mafuta wamba, si khansa, ndipo sizikhudzana ndi kolesterolo. Chotupa chikamakula msanga, kulimba kapena kupweteka, chionedwe.

Ma ARV ndi kusamuka kwa mafuta

Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, ndi thandizo la Global Fund. Chaka chomwecho ku Zomba Central Hospital kunatsegulidwa kiliniki ya Tisungane, mothandizana ndi bungwe la ku Canada la Dignitas International, ndipo m'zaka zotsatira mankhwalawa anafika m'zipatala zazing'ono za m'boma lonse la Zomba. Piritsi la nthawi imeneyo, limene ambiri ankalidziwa kuti Triomune, linali ndi mankhwala atatu: stavudine, lamivudine ndi nevirapine. Linali lotsika mtengo, losavuta kumwa, ndipo linadzutsa anthu amene abale anali atayamba kale kuwalira.

Patapita chaka chimodzi kapena ziwiri, ena mwa anthuwa anayamba kusintha maonekedwe. Masaya analowa, m'mbali mwa maso munakumbika, matako anaphwa, manja ndi miyendo zinaonda mpaka mitsempha kuonekera ngati zingwe. Pamene izi zikuchitika, mimba imakula, mabere amakula, ena mafuta anaunjikana kuseri kwa khosi ngati linunda la ng'ombe. Achipatala amati lipodystrophy. Stavudine amaononga tizigawo topanga mphamvu ta m'maselo a mafuta a pansi pa khungu, maselowo n'kufa. Mankhwala omwewa ndi amene ankayambitsa dzanzi ndi kutentha kwa mapazi. Kafukufuku wa ku Queen Elizabeth wofalitsidwa mu 2012 anaonetsa kuti mavutowa anali ofala mwa anthu amene anamwa stavudine kwa nthawi yaitali.

Kupweteka kwa matendawa sikunali kwa thupi lokha. Munthu amene anasunga chinsinsi chake kwa zaka, nkhope inayamba kumuulula pa chitsime, pa maliro ndi pa doko. Magazi ake anali bwino, mphamvu zinalipo, koma anthu ankamuyang'ana ngati wodwalika. Ena anasiya mankhwala chifukwa cha zimenezi, ndipo kusiya ARV kumapha msanga kuposa kuonda kwa masaya.

WHO inalangiza mu 2010 kuti maiko asiye stavudine. Malawi inayamba mu 2011 kupereka piritsi latsopano la tenofovir, lamivudine ndi efavirenz, lotchedwa 5A, poyamba kwa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala TB, ndi amene mafuta anali atawasamuka kale. Mu 2013 ena onse anasinthidwa. Mafuta amene anachoka kumaso amabwerera pang'onopang'ono, ndipo mwa ambiri sabwerera onse. Choncho mukaona munthu wa masaya olowa lero, dziwani kuti mwina ndi chipsera cha mankhwala a zaka zoposa khumi zapitazo, ndipo mwini wakeyo ali bwinobwino.

Kuyambira mu 2019 anthu ambiri akumwa piritsi lokhala ndi dolutegravir. Ili silisamutsa mafuta ngati stavudine ndipo silikweza kolesterolo ngati efavirenz, koma kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg, wofalitsidwa chaka chomwecho, anapeza kuti limanenepetsa, makamaka amayi. Poti anthu anazolowera kuona kunenepa ngati umboni woti mankhwala akugwira, palibe amadandaula sikelo ikamakwera. Koma kafukufuku wa mu 2016 pakati pa anthu oposa 900 olandira chithandizo cha HIV m'tauni ndi m'midzi ya Zomba anali atapeza kale kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi anali ndi BP yokwera, ndipo anayi pa 100 anali ndi shuga. Amene ali pa mankhwala okhala ndi ritonavir, monga lopinavir ndi atazanavir, ma triglycerides awo amatha kukwera. Yankho la zonsezi si kusiya kapena kudumphitsa mankhwala. Popita kukatenga ma ARV, pemphani kuti akuyezeni BP ndi sikelo, ndipo muwauze achipatala ngati zovala zayamba kuthina mofulumira.

Chiwindi chamafuta

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, choncho mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka, mabwato ali gone pa Kachulu. Nsomba zikasowa, ndiwo ndi ndalama zimasowera limodzi, ndipo mwana wosiya kuyamwa amatsala ndi phala la ufa woyera lokha. Apa ndi pamene kutupikana kumabwera: mapazi ndi nkhope kutupa, tsitsi kufiira ndi kunyonyoka, khungu kusupuka, mwana kukhala wokwiya ndi wokana kudya. Dzina lakuti kwashiorkor analilemba mu 1935 ndi Dr Cicely Williams, amene ankagwira ntchito m'dziko limene lero ndi Ghana.

Chodabwitsa n'chakuti chiwindi cha mwana wotereyu, amene sanalawe mafuta kwa miyezi, chimakhala chodzadza ndi mafuta. Chiwindi chikupitiriza kupanga mafuta kuchokera ku phala lija, koma timabwato towatulutsira tikupangidwa tochepa, ndiye katundu amangounjikana pa doko. N'chimodzi mwa zifukwa zimene mimba ya mwanayo imakulira. Akuluakulu akaona kutupaku amati ndi tsempho, kapena ndaka m'Chiyao, n'kuyamba kufufuza amene analakwa m'banja. Mwanayo akufunika kuchipatala tsiku lomwelo. Njira yoyesera ndi kudina ndi chala pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala dzenje, nyamukani.

Mankhwala a mwana wotere ali ndi mafuta ambiri. Chiponde, chimene chinayesedwa kwambiri m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndi Dr Mark Manary ndi anzake a ku College of Medicine, chimapangidwa ndi mtedza, mkaka wa ufa, mafuta ophikira, shuga, mavitamini ndi michere. Kapaketi kamodzi ka magalamu 92 kali ndi makalori 500, ndipo pafupifupi theka lake limachokera ku mafuta. Mwana wotupa kwambiri kapena wokana kudya amayamba wagonekedwa n'kupatsidwa mkaka wapadera pang'onopang'ono, chifukwa chiwindi chake sichingalandire chakudya chambiri nthawi imodzi. Chiponde ndi mankhwala a mwana amene walembedwa. Kugawira abale ake, kupaka pa buledi wa bambo kapena kugulitsa pa msika ndi kumulanda moyo.

Mwa akuluakulu, chiwindi chimadzadza mafuta pa chifukwa chosiyana: zolowa zachuluka kuposa zotuluka. Kale matendawa ankadziwika ndi mowa, ndipo Msilamu amene sanalawepo dontho amakhumudwa dokotala akamuuza kuti chiwindi chake chili ndi mafuta. Palibe chonyoza pamenepa. Padziko lapansi akuluakulu pafupifupi atatu mwa khumi alionse ali ndi mafuta m'chiwindi osachokera ku mowa, ndipo gwero lake ndi kunenepa kwa pamimba, shuga ndi zotsekemera. Ambiri samva kanthu, zimangopezeka pa sikani. Mwa ochepa chiwindi chimatupa, kuuma n'kulephera ntchito. Kuchepetsa thupi ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100, ndiye kuti makilogalamu 6 mpaka 8 kwa munthu wolemera 80, kumachotsa mafuta ambiri m'chiwindi. Komabe kwa munthu wa m'mbali mwa nyanja, chiwindi chikakula achipatala amayang'ananso likodzo la m'matumbo ndi Hepatitis B, asananene kuti ndi mafuta.

Kuyezetsa ndi chithandizo

Mafuta a m'magazi samveka m'thupi. Chizungulire, kuphwanya kwa thupi kapena kupweteka kwa mutu si umboni woti akwera, ndipo makina ogwiritsa m'manja amene anthu ena amayenda nawo m'misika, n'kukuuzani matenda khumi kenako n'kukugulitsani mankhwala ake, sayeza kolesterolo. Amayezedwa potenga magazi ku labotale yokhala ndi makina ake, monga m'zipatala zikuluzikulu. Kuchokera pa Kachulu kupita mu mzinda wa Zomba ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 30, choncho ndi bwino kuyamba mwafunsa ku chipatala chapafupi ngati kuyezaku kukufunikadi.

Kwa munthu wopanda matenda ena, kolesterolo yense asapyole 5.0 mmol/L, LDL akhale pansi pa 3.0, ma triglycerides pansi pa 1.7, ndipo HDL apyole 1.0 mwa abambo ndi 1.2 mwa amayi. Ma labotale ena amalemba mu mg/dL, ndipo pamenepo kolesterolo wa 5.0 amaoneka ngati 190 kapena kuposerapo pang'ono. Musachite mantha ndi kukula kwa nambala musanaone muyezo wake. Amene anadwalapo mtima kapena sitiroko amafunika LDL wotsika kwambiri kuposa apa.

Oyenera kuyezetsa msanga ndi odwala shuga, BP kapena impso, amene anagwapo ndi sitiroko, a m'mabanja a imfa zadzidzidzi aja, ndi amene akhala pa ma ARV zaka zambiri. Kumene kulibe labotale, WHO inakonza matchati amene amayerekeza chiopsezo cha munthu pogwiritsa ntchito zinthu monga zaka, BP, sikelo, msinkhu ndi fodya. Kunyumba, tepi ya telala imathandiza: yezani mimba podutsa pa mchombo. Kupyola masentimita 94 kwa bambo kapena 80 kwa mayi wosayembekezera ndi chenjezo.

Chithandizo chimayambira ku khitchini. Mafuta ayezedwe ndi supuni m'malo mothira ndi botolo. Nsomba ndi nyama ziphikidwe kapena kuotchedwa masiku ambiri, kukazinga kukhale kwa apo ndi apo. Mgaiwa ubwerere, nyemba ndi masamba zichuluke, mchere usapyole supuni yaing'ono imodzi patsiku. Fodya, wa paketi kapena chingambwe, asiyidwe. Msodzi ndi mlimi safunika kuuzidwa za majowajowa, koma wogulitsa mu golosale, telala ndi woyendetsa njinga yamoto amafunika mphindi 150 pa sabata za kuyenda ndawala.

Mankhwala otsitsa LDL amatchedwa ma statin, monga simvastatin ndi atorvastatin. Woyamba anamupeza ndi Akira Endo wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, mu nkhungu imene inamera pa mpunga wa mu sitolo ina ku Kyoto. Alimi a mpunga asatengerepo phunziro lolakwika: chuku cha pa chimanga ndi mtedza chili ndi poizoni woononga chiwindi. Kafukufuku wa 4S wa mu 1994, wa odwala mtima 4,444 a ku maiko a Scandinavia, anaonetsa kuti simvastatin amachepetsa imfa. Kutsitsa LDL ndi 1 mmol/L kumachepetsa matenda a mtima ndi sitiroko ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Mankhwalawa amagwira ntchito pamene akumwedwa. Mukasiya, kolesterolo amabwerera m'masabata ochepa. Asodzi amene amakatha milungu m'zimbowera pakati pa nyanja atenge okwanira ulendo wonse. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asamwe. Simvastatin samwedwa pamodzi ndi ma ARV okhala ndi ritonavir, choncho onetsani buku lanu la kuchipatala kwa aliyense wokulemberani mankhwala. Minofu ikamapweteka kwambiri, kapena mkodzo ukada ngati tiyi, siyani ndipo pitani kuchipatala. Adyo, mandimu ndi madzi otentha ndi zabwino m'zakudya, koma sizisungunula mafuta a m'khoma la mtsempha.

Ramadhan ndi Qurbani

Kusala pakokha sikukweza mafuta m'magazi, ndipo ambiri amatsika sikelo pang'ono m'mwezi wa Ramadhan. Chimene chimabweza phinduli ndi mbale ya pomasula. Futali wa mbatata kapena chinangwa wotendera nsinjiro, phala, zipatso ndi madzi ndi zabwino. Samusa, mandasi ndi zitumbuwa usiku uliwonse kwa masiku 30, kutsirira ndi zakumwa zotsekemera, zimatha kumutulutsa munthu m'mweziwu ma triglycerides ali okwera kuposa mmene analowera. Pa daku, mgaiwa, nyemba, dzira kapena nsomba zimasunga mimba nthawi yaitali kuposa buledi woyera ndi tiyi wa shuga wambiri.

Ma statin savuta pa swaumu chifukwa amamwedwa kamodzi patsiku. Simvastatin amagwira bwino akamwedwa usiku, ndiye nthawi yake ndi pambuyo pomasula kapena pogona. Atorvastatin amamwedwa nthawi iliyonse. Ma ulama ambiri amanena kuti kutengedwa magazi ochepa oyeza sikuononga swaumu, ndipo amene ali ndi chikaiko afunse sheikh wa pa mzikiti wawo. Odwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga, a impso, ndi amene angodwala kumene mtima kapena sitiroko akaonane ndi achipatala mwezi usanaoneke, kuti agwirizane ngati angasale ndi mmene angasinthire nthawi ya mankhwala.

Nyama ya Qurbani ya tsiku limodzi kapena awiri siitseka mtsempha wa munthu, ndipo kwa mabanja ambiri a m'mbali mwa Chilwa ndi nyama yokhayo imene ana adzaione kwa miyezi, choncho ana adye. Amene ayenera kusamala ndi wamkulu amene anauzidwa kale kuti LDL kapena ma triglycerides ake ndi okwera. Iyeyu asankhe mnofu, asiye mafuta oyera a m'mimba, ubongo ndi nthumbwana. Ya mbuzi imakhala ndi mafuta ochepa kuposa ya ng'ombe yonona. Nyama ikawiritsidwa n'kusiyidwa kuti izizire, mafuta amaundana pamwamba pa msuzi, ndipo amachotsedwa ndi supuni musanatenthetsenso.